Siteshoni ya Chipata: njanji yofulatira Lusaka

Siteshoni ya sitima ya ku Chipata ndi pamene njanji yochokera ku doko la Nacala imathera, ndipo ndiyo siteshoni imene anthu a m'boma la Mambwe angaifikire msanga. Wochokera ku Mfuwe, m'bomalo, amayenda makilomita oposa 100 pamsewu wa phula, kukwera kuchoka m'chigwa cha Luangwa, asanaone njanji. Akafika sapezako sitima yonyamula anthu, chifukwa njanjiyi ndi ya katundu. Chodabwitsa china n'chakuti ngakhale Chipata ndi likulu la chigawo cha Kum'mawa, ndipo adakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, njanji yake sikumana paliponse ndi njanji zina za dziko la Zambia. Yafulatira Lusaka, nkhope yake ili ku Malawi.

Mbiri yake imayambira kutsidya kwa malire. Njanji ya ku Malawi idafika ku Salima mu 1935 n'kuima pomwepo kwa zaka zoposa 40. Ndi thandizo la dziko la Canada, idafika ku Lilongwe mu 1979, kenako ku Mchinji. Zambia, mu ulamuliro wa Kenneth Kaunda, idayamba mbali yake mu 1982, mtunda wosakwana n'komwe makilomita 30, koma ndalama zidatha ntchito ili pakati. Dothi lomwe adaunjika lidamera udzu mpaka boma la Levy Mwanawasa litaidzutsa ntchitoyo. Rupiah Banda ndi Bingu wa Mutharika adatsegulira njanjiyi mu Ogasiti 2010, patatha zaka 28 chiyambireni. Kutseguliraku sikudabweretse sitima nthawi yomweyo. Pa siteshoni padalibe malo okwanira osungira ndi kupakira katundu, ndipo kampani ya Zambia Railways idayamba kuyendetsapo sitima mu 2014.

Sitima ikanyamuka pa Chipata imadutsa malire pafupi ndi Mwami, n'kufika ku Mchinji, kenako ku Kanengo, kumene kuli mafakitale a Lilongwe ndi msika wa fodya. Kuchoka apo imatsetsereka kupita ku Salima, n'kukhotera kumwera kudzera ku Chipoka ndi ku Balaka mpaka pa Nkaya. Pa Nkaya ndiye pamphambano penipeni. Njira ya kum'mawa, yomwe idatsegulidwa mu 1970, imawoloka Shire pa Liwonde, kutuluka m'Malawi pa Nayuchi, kudzera ku Cuamba ndi ku Nampula mpaka ku Nacala, ulendo wa makilomita oposa 1,000 kuchokera ku Chipata. Ya kumadzulo ndi yatsopano, imene kampani ya Vale idamanga kuti malasha a ku Moatize m'chigawo cha Tete azifika kunyanja. Ya kumwera imapita ku Blantyre ndi ku Limbe. Kale inkapitirira mpaka ku Beira kudzera pa mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, koma nkhondo ya ku Mozambique ndi madzi osefukira a ku Chiromo mu 1997 zidaidula. Njanji zonsezi n'zofanana m'lifupi, mamilimita 1,067, choncho bogi lopakidwa ku Chipata likhoza kufika pa doko popanda kutsitsa katundu panjira.

Kumadzulo kwa Chipata nkhani ndi ina. Njanji yaikulu ya Zambia, yodutsa ku Livingstone, Lusaka, Kabwe mpaka kumigodi ya kopa, idamangidwa potsata miyala yamtengo wapatali, ndipo idafika ku Kabwe, kumene panthawiyo kunkatchedwa Broken Hill, mu 1906. Fort Jameson, dzina lakale la Chipata, adali mzinda wa alimi a fodya, kotero njanji idamulambalala. Mpaka lero katundu wa pakati pa Chipata ndi Lusaka amayenda pamalole mumsewu wa Great East, mtunda woposa makilomita 550. Nayo njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchoka ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam, yomwe idatha kumangidwa mu 1975, imayenda pamwamba pa mapiri a Muchinga kudzera ku Serenje ndi ku Mpika. Pamapu masiteshoni amenewa amaoneka ngati ali pakhomo pa Mambwe. Pansi pali mtsinje wa Luangwa, womwe umasefukira dzinja lililonse n'kusintha njira yake, pali nkhalango yotetezedwa ya South Luangwa, ndiponso chitunda chachitali chimene sitima yolemedwa singakwere popanda njira zokhotakhota ndi milatho yodula. Boma la Mambwe lili pakati pa njanji ziwiri, koma palibe imene imaponda nthaka yake.

Maganizo olumikiza ziwirizi alipo. Mu 2016 boma la Zambia lidasainirana mgwirizano ndi kampani ya China Civil Engineering Construction Corporation womanga njanji ya makilomita pafupifupi 390 kuchoka ku Chipata kudzera ku Petauke mpaka ku Serenje, pamtengo woposa madola 2 biliyoni. Ndalama sizidapezeke, ndipo njanjiyo idakali papepala. Itamangidwa, kopa wa kumigodi akhoza kumapita ku Nacala, ndipo siteshoni ya Chipata ikhoza kusiya kukhala kumathero n'kukhala podutsira. Apa ndi pamene pagona vuto la siteshoniyi: sitima imapindula ndi katundu wambiri woyenda chaka chonse, pomwe chimanga, mtedza, fodya ndi thonje za chigawo cha Kum'mawa zimabwera ndi nyengo yokolola.

Kwa mlimi wa kwa Jumbe, kwa Msoro kapena kwa Mnkhanya m'boma la Mambwe, phindu la njanji limabwera mozungulira. Thonje lake limachoka m'chigwa pa lole, ndipo feteleza, simenti ndi mafuta zimatsikira kwa iye pa lole lomwelo, mtengo wake utakwera ndi kutalika kwa ulendo. Katundu ameneyu atamabwera pa sitima kuchokera ku Nacala, gawo lalikulu la ulendowo lingatsike mtengo. Alendo odzaona nyama ambiri amatera pa bwalo la ndege la Mfuwe, pomwe eni dera akafuna ku Chipata, ku Lusaka kapena ku Lilongwe amakwera basi, ena n'kudutsira pa chipata chatsopano cha malire cha Mwami chomwe Hakainde Hichilema ndi Lazarus Chakwera adatsegulira mu Disembala 2022.