Mankhwala Sabwera ndi Mavoti

Chikhulupiriro chomwe chimamveka pamsonkhano uliwonse wandale m'Chigwa cha Shire, kuyambira pa Ngabu mpaka ku Nsanje, n'chakuti mankhwala akasowa m'chipatala ndiye kuti boma lomwe lilipo lalephera, ndipo likadzalowa lina nkhokwe zidzadzaza. Dziko lino lasintha maboma kangapo chiyambire 1994, ndipo lasinthanso pachisankho cha pa 16 Seputembala 2025, koma mayi amene wayenda mtunda wautali mwana ali kumsana, dzuwa likuswa mtengo, amabwererabe kunyumba ndi buku la kuchipatala lolembedwa zilembo ziwiri, O/S, zomwe kwa ogwira ntchito zachipatala zimatanthauza kuti mankhwala amene dokotala walemba atha, choncho akagule yekha.

Chikhulupirirochi n'chopweteka chifukwa chimabisa pamene pagona vuto lenileni. Mu 1998 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu, yomwe cholinga chake chidali chakuti makhonsolo aziyendetsa okha zipatala za m'maboma awo, koma kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lidakhala lopanda makhansala, ndipo ngakhale adabwerera, gawo lalikulu la ndalama za mankhwala silidutsa m'manja mwa khonsolo ya Chikwawa, m'malo mwake limalipiridwa kuchokera kulikulu kupita ku Central Medical Stores Trust, bungwe logula ndi kugawa mankhwala a zipatala za boma. Bungwelo limagula mankhwala ambiri kunja ndi madola, motero pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zomwezo zidayamba kugula mabokosi ochepa. Wosunga mankhwala pa Ngabu akhoza kulemba oda yake molondola mwezi ndi mwezi, koma galimoto ikafika imatsitsa zomwe zapezeka osati zomwe adapempha, ndipo madzi osefukira akadula msewu wa M1, monga zidachitikira pa namondwe Ana mu 2022, galimotoyo siyifika n'komwe.

Palinso china chomwe andale satchula pansanja. Mankhwala a malungo otchedwa LA, omwe adalowa m'malo mwa Fansidar mu 2007, komanso ma ARV, amagulidwa makamaka ndi ndalama za mabungwe akunja monga Global Fund, ndipo n'chifukwa chake chipatala chimatha kukhala ndi LA koma chilibe mankhwala a BP kapena a shuga. Pamene dziko la America lidaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025, zidaonekeratu kuti chisankho cha ku Washington chikhoza kugwedeza chipatala cha kumudzi kuposa chisankho cha kuno. Kuba mankhwala kuliko ndithu ndipo sikuyenera kubisidwa, koma kunyoza namwino pakhomo la chipatala sikubweretsa mbulu ndi umodzi womwe.

Chomwe anthu wamba angachite n'chochepa koma si chachabe. Komiti yoyang'anira chipatala, yomwe mamembala ake amachokera m'midzi yozungulira, ili ndi ufulu wokhalapo pamene mabokosi akutsitsidwa ndi kuyerekeza zomwe zafika ndi zomwe zidapemphedwa, ndipo kusiyana kwake ndiko kuyenera kupita kwa khansala ndi phungu, ngakhale kuti yankho limachedwa. Odwala BP ndi shuga asadikire kuti mankhwala awathere, abwere kudakali masiku angapo kuti ngati palibe apeze mpata wofunafuna kwina.