Mbenji akatsekedwa, kalulu alowe mumphika

Chaka chilichonse mvula ikayamba, cha mu Disembala, mfumu yaikulu Makanjira imatseka usodzi pa chilumba cha Mbenji ku Salima kuti nsomba ziswane. Asodzi amasamuka pachilumbapo mpaka cha mu Epulo. Mwambowu ndi umene wasunga utaka pamalopo, koma inu a ku Chikombe ndi midzi yozungulira mukudziwa kuti miyezi imeneyi nsomba imachepa ndipo mtengo wake umakwera. Ndi nthawi yomweyonso imene nkhokwe imakhala itapepuka, ntchito ya kumunda ili pachimake. Kodi ana adyera chiyani nsima?

Ganizirani za kalulu woweta. Nyama yake ikapsa, magalamu 100 aliwonse amakhala ndi zomanga thupi zokwana magalamu pafupifupi 29, pamene mafuta ndi magalamu 8 okha. Apa sikusiyana kwenikweni ndi nkhuku. Ilinso ndi vitamini B12 wambiri komanso ayironi, zomwe zimathandiza thupi kupanga magazi. Mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi mwana amene wayamba kudya phala ndiwo oyamba kupindula, choncho nthuli zabwino zisamathere m'mbale ya abambo okha.

Kuchepa kwa mafutako kuli ndi mbali ziwiri. Kwa munthu wamkulu amene kuchipatala anamuletsa zonona, ndi nkhani yabwino. Koma mwana amafuna mafuta kuti akule ndi mphamvu. Ndiye pophika thirani kasupuni ka mafuta ophikira, kapena tenderani ndi nsinjiro. Kuwotcha pamakala kumaiumitsa nyamayi mpaka mwana kulephera kutafuna. Iphikeni pamoto wochepa ndi tomato ndi anyezi mpaka ifewe, ndipo msuzi musataye chifukwa mavitamini ena amasungunukira momwemo. Wamng'ono musinjireni kanyama kofewako n'kusakaniza m'phala.

Tisanamizane, kalulu salowa m'malo mwa usipa pa zonse. Usipa timadya ndi minga yomwe, ndipo mingayo ndiyo imalimbitsa mafupa ndi mano. Ngati muli ndi wouma pang'ono, pitirizani kuupatsa ana. Kalulu akungotseka mpata pa gulu la zakudya zochokera ku nyama, limodzi mwa magulu asanu ndi limodzi aja amene alangizi amatiphunzitsa.

Ubwino wina ndi kukula kwake. Mbuzi simungaiphe popanda chifukwa, ndipo mukaipha nyama imatsala n'kuwonongeka ndi kutentha kwa kunyanja. Kalulu mmodzi amathera mumphika tsiku lomwelo.

Kuti mudzadye mu Januwale, yambani kuweta pano. Kalulu amatenga bere kwa masiku pafupifupi 31, amaswa ana asanu kapena kuposerapo, ndipo anawo amafika pophedwa pakatha miyezi itatu kapena inayi akamadya bwino. Chakudya chake muli nacho kale: chisoso, kholowa, bonongwe, masangwi a mtedza ndi madeya. Masamba a mame muziyamba mwawayanika kuti afote, apo ayi akalulu amatupa mimba.

Mdani wamkulu ku Salima ndi dzuwa. Kalulu sapirira kutentha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo amuna amafooka pa ntchito yobereketsa. Mangani khola pansi pa mtengo wa mthunzi, lofolera ndi udzu osati malata, lokwera m'mwamba kuti agalu ndi linthumbu asafikemo. Madzi akumwa asamasowe m'kholamo. Za komwe mungapeze mbewu yabwino ya akalulu, funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu.