Kodi kampani ya inshuwalansi imadziteteza bwanji?

Amayi anzanga, ambiri mwamvapo za inshuwalansi ya maliro, ya mbewu, kapena ya kuchipatala monga ya MASM. Musanapereke ndalama yanu, dzifunseni: tsoka likadzandigwera, kodi kampaniyi idzakhala nazo zondilipira? Yankho lagona pa mmene kampaniyo imakonzekerera mavuto ake omwe. Monga timachitira kusikelo, kumene timayeza magazi, BP ndi kakhalidwe ka mwana m'mimba pa ulendo umodzi, kampani yabwino imaunika ziopsezo zake zonse pamodzi, kuyambira kwa mabwana mpaka kwa kalaliki.

Chiopsezo choyamba ndi chakuti tsoka limodzi ligwere anthu ambiri nthawi imodzi. Inshuwalansi imayenda chifukwa osonkha ndi ambiri pamene ovutika pa chaka ndi ochepa. Koma tiyerekeze kuti kampani yalemba mabwato onse a padoko limodzi kwa Makanjira. Mwera wa usiku umodzi ungathe kuwononga onsewo, thumba n'kuuma. N'chifukwa chake kampani imalemba anthu a madera ndi ntchito zosiyanasiyana, ndipo nayonso imagula inshuwalansi ku makampani akuluakulu kuti adzaithandize pa ngozi ngati namondwe Freddy wa mu March 2023.

Chachiwiri ndi mphamvu ya ndalama. Mu November 2023 kwacha idatsika ndi 44 peresenti, mankhwala ndi malata n'kukwera mtengo. Kampani imene idangounjika ndalama osaganizira zimenezi imapezeka kuti zosunga zake zachepa. Choncho imayenera kugawa chuma chake m'malo angapo, kwinaku ikusiya china pafupi cholipirira msanga.

Chachitatu ndi kuwerengera molakwika. M'nyengo ya 2015/16 boma lidagula inshuwalansi ya chilala ku African Risk Capacity, bungwe la African Union. Chilala chidavutadi, anthu oposa 6 miliyoni n'kusowa chakudya, koma poyamba makompyuta adaonetsa kuti palibe cholipira. Atafufuza adapeza kuti adawerengera chimanga chochedwa kucha, pamene alimi ambiri adabzala chocha msanga. Atakonza, Malawi idalandira madola 8.1 miliyoni mu January 2017, njala italuma kale. Mfundo imodzi yolakwika idachedwetsa thandizo miyezi yambiri.

Palinso chinyengo: ena amabweretsa zikalata zabodza za imfa kapena za kuchipatala. Mafunso ambiri amene amakufunsani polipira amateteza ndalama za osonkha onse.

M'dziko muno makampaniwa amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, imene imapereka chiphaso ndi kuonetsetsa kuti ali ndi chuma chokwanira. Munthu akabwera kudzakulembani, funsani dzina la kampani ndi chiphaso chake, akuwerengereni zimene salipira, ndipo musalole kupereka ndalama popanda lisiti. Funsaninso kuti mudzadandaula bwanji mitsinje ikadula msewu wopita ku Mangochi boma m'dzinja.

Nzeru yomweyi itengereni ku banki mkhonde. Ngati nonse mwakongola kuti mugule usipa, usodzi ukavuta adzabweze ndani? Kodi thumba la zadzidzidzi lingakwane amayi awiri atafuna galimoto yopita kuchipatala sabata imodzi? Nanga makiyi a bokosi ali ndi anthu angati? Kambiranani zimenezi pa msonkhano wotsatira, pakuti chakudza sichiimba ng'oma.