ALENDO A KU LUSAKA ACENJERE NDI MAU OFANANA

Mai wina wa ku Katete, amene anapita kukaona mwana wace ku Chawama, anatsala pang'ono kukasuma kwa akulu a m'komboni cifukwa ca liu limodzi. Mdzukulu wace anabwera akulira, ndalama ya makala itatayika. Pofunsidwa, mai woyandikana nawo nyumba, wocokera ku Kasama, anayankha m'Cinyanja cosakaniza kuti, "Ine nalanda naye cabe." Mai wa ku Katete uja anamva ngati mnzaceyo wabvomera mlandu. Koma m'Cibemba kulanda ndiko kulankhula. Mai wa ku Kasama anali kunena kuti anangolankhula ndi mwanayo.

Zotere zimacitika kawiri-kawiri ku Kanyama, Matero, George ndi Mtendere. Kuyambira mu 1935, pamene Lusaka inasanduka likulu la dziko, anthu a mitundu yonse akhala akudzafuna nchito kuno, ndipo Cinyanja ca m'makomboni catola mau ambiri a Cibemba. Mau acilendo sabvuta kwenikweni, pakuti munthu amafunsa tanthauzo lace. Obvuta ndi aja amene mlendo ayesa kuti awadziwa kale.

Kusenda, kumene ku Chipata ndi kucotsa makoko a mbatata, kwa Mubemba ndi kunyamula. Kufunda, kumene kumudzi kumakumbutsa bulangeti, kwa iye ndi kuphunzitsa. Mutonga akati kuuma sanena za cimanga ca m'munda ai, anena za kumenya.

Izi n'zoseketsa, koma pali liu lina losaseketsa. M'Cibemba kufuna ndi kuthyola, ndipo kufunika ndi kuthyoka. Mwana akagwa mu mtengo wa mango, anzace nathamangira kunyumba kukanena kuti dzanja lace lafunika, agogo ongofika kumene kucokera ku Petauke angathe kukhala pansi n'kumadabwa kuti dzanjalo alifuna ndani, pamene mwanayo ayenera kufulumira naye ku cipatala.

Ana obadwira ku Kalingalinga sabvutika nazo, pakuti amazindikira tanthauzo poona amene alankhula. Amene amasokonezeka ndi akulu-akulu ocokera kumidzi, makamaka aja amene acita manyazi kufunsanso pamaso pa apongozi.

Mai wa ku Katete uja anakapepesa madzulo a tsiku lomwelo, atanyamula mtedza m'mbale. Ndalama ija inapezeka m'thumba la kabudula wa mwana.