Pulumutsani matepi a ukwati asanachite chuku

Mabanja ambiri kunja kuno tili ndi katoni ya matepi a VHS kapena MiniDV: chinkhoswe, ukwati, mwinanso maliro a agogo omwe tidalephera kukaika kumudzi. Tsoka ilo, tepi imaguga, ndipo ikakhala pachinyezi imachita chuku. Makina oonetsera nawonso akusowa, poti kampani ya Funai ya ku Japan, yomwe idatsala yokha, idasiya kupanga ma VCR mu 2016.

Apa ndiye pofunika ana athu asukulu. Kamera ya MiniDV imalumikizidwa ku kompyuta ndi chingwe cha FireWire, ndipo tepi ya ola limodzi imadya malo pafupifupi 13GB. Tepi ya VHS imafuna VCR ndi kachipangizo ka USB kolowetsera kanema m'kompyuta. Podula ndi kulumikiza zithunzizo, purosesa ya Intel Core i5 kapena AMD Ryzen 5 ndiyokwanira, ndipo pulogalamu ya DaVinci Resolve ilipo yaulere.

Abale a ku America samalani: matepi ochokera ku Malawi, South Africa ndi Britain ndi a PAL, pomwe makina akumeneko ndi a NTSC. Funsani kaye musanagule.

Mukamaliza, sungani kanemayo pawiri, winayo mutumize kumudzi. Adzukulu adzamve mawu a agogo awo.