Amisiri Osimba Nkhani ndi Zithunzi

M'chaka cha 1967, dziko lathu lisanakhale ndi wailesi ya kanema, pamene anthu akumidzi ankaona zithunzi zoyenda pokhapokha galimoto ya boma ikafika pabwalo la sukulu ndi chinsalu chake choyera, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anajambula filimu ya anyamata awiri apachibale a m'mudzi wa Singano ku Chileka, m'dera la Mfumu Kuntaja, ndiwo Daniel ndi Donald Kachamba, akuyimba gitala ndi chitoliro. Onse awiri anatisiya, wamkulu mu 1987, wamng'ono mu 2001, koma zala zawo zikuvinabe pa zoyimbira m'zithunzizo. Masiku amenewo kamera inali m'manja mwa mlendo. Lero ili m'manja mwa ana a mudzi, ndipo nkoyenera kuti tifunse za ntchito yawo ndi kumene amaiphunzira.

Sukulu yawo yoyamba ndi ukwati. Mnyamata wa ku Chileka kapena ku Lirangwe amayamba ndi kunyamulira mnzake chikwama ndi miyendo ya kamera. Pambuyo pake amaloledwa kujambula chinkhoswe, kwaya ya mpingo yofuna kutulutsa chimbale, kapena woyimba wachinyamata amene wasonkha tindalama take. Pa perekaniperekani, wophunzira amaloza kamera pamene pali phokoso ndi ndalama zouluka. Koma iye amene wayamba kukhwima amatembenukira kumbali, kumene mayi a mkwatibwi akhala chete akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje, pakuti wazindikira kuti nkhani ya tsikulo yagona pankhope imeneyo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Apa ndi pamene pali mtima wa ntchito ya wotsogolera filimu, ndipo ndi pamene ambiri a ife timapunthwa. Ife Amalawi tinaleredwa ndi masewero a pawailesi ndi a pabwalo, monga a malemu Du Chisiza Jr. ndi gulu lake la Wakhumbata, kumene mawu ndiwo amasenza zonse. Ndipo chiyambire kutsegulidwa kwa Television Malawi mu 1999, mafilimu athu ambiri akhala masewero a pawailesi ongovekedwa zithunzi, momwe munthu amaima nkunena kuti wakwiya, kapena kuti wasowa mwana wake amene anapita ku Joni. Wotsogolera wanzeru samulola mayi wosowa mwanayo kulankhula. Amamuonetsa akupakula nsima, navindikira mbale imodzi yoposa chiwerengero cha anthu a m'nyumbamo, kenaka nayang'ana kunjira. Ndipo woonera, wosauzidwa kanthu, amamva chisoni chonse. Kuti zimenezi zitheke, wotsogolerayo ayenera kudziwa nthawi yojambulira chapatali kuti tione mudzi ndi njira yake, nthawi yosendera pafupi kufikira titaona milomo ikunjenjemera, ndiponso lamulo lakuti anthu awiri akamacheza kamera isawoloke mzere umene uli pakati pawo, kuopa kuti pachinsalu angaoneke ngati onse akuyang'ana mbali imodzi.

Komatu mutu umodzi susenza denga. Pali wogwira kamera, amene amadana ndi dzuwa la masana chifukwa limaponya mithunzi m'maso mwa anthu, nakonda kuwala kofewa kwa m'mamawa ndi kwa madzulo. Pali wojambula mawu, munthu wonyozeka amene amaimika maikolofoni pa mtengo mpaka mikono kuwawa, ndipo ku Chileka kuno amayenera kudikira kuti ndege itere ndi chigayo chileke kulira. Pali wolumikiza zithunzi pa kompyuta, wochezera usiku magetsi akayaka, amene m'manja mwake nkhani imabadwa kachiwiri kapena kufa kumene. Ndipo sindingawaiwale aja otanthauzira mafilimu a ku China ndi ku India m'Chichewa, amene mawu awo amamveka m'timanyumba ta vidiyo pamisika yathu. Ena amawapeputsa, koma ine ndiyesa kuti ana ambiri anayamba kumvetsa kayendedwe ka nkhani ya m'filimu ali pa benchi ya m'timanyumba timeneti.

Kuti njira imeneyi ikhoza kufikitsa munthu patali, mboni zilipo. Charles Shemu Joyah, amene ntchito yake yophunzira inali yoyeza malo, anatipatsa Seasons of a Life, kenaka The Last Fishing Boat mu 2012, ndi The Road to Sunrise mu 2017, filimu imene inapambana mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice ku Lagos mu 2018 ndi kukhala yoyamba kutumizidwa ndi dziko lino ku mpikisano wa Oscar. Joyce Mhango Chavula anali atalandira kale mphoto yomweyo mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Ndipo pamene Chiwetel Ejiofor anadza ku Kasungu kudzajambula mbiri ya William Kamkwamba, imene inatuluka mu 2019, dziko lonse lapansi linamva Chichewa chikulankhulidwa pa Netflix.

Chimene chimandiwawa mtima ndi mphotho ya wantchito. Filimu imene yadya miyezi ya thukuta, ikangotuluka, akuba amaithira m'makadi a foni pa mtengo wa chitumbuwa, mwini wake osaona ngakhale tambala. Nyumba zoonetsera kanema nzosowa. Ndipo amisiri ambiri amadya chifukwa cha mabungwe ofuna uthenga wa zaumoyo kapena wa chisankho, amene amalamula kuti phunziro linenedwe poyera ndi pakamwa, chinthu chomwe mmisiri wakhala akudziletsa kuchita. Motero mnyamata amene Lachisanu anali kulingalira za filimu yake ya mayi wodikira mwana, Loweruka m'mawa amapezeka pakhomo la tchalitchi ku Lirangwe, batire ili yodzaza, akudikira galimoto ya mkwatibwi.