Wojambula Zithunzi Wosamva

Kodi munayamba mwajambulitsapo chithunzi? Ngati munatero, mukukumbukira kuti wojambula anakuuzani poima, anakuuzani kuti muwongole khosi ndiponso kuti musaphethire. Mwina makolo anu anayamba akambirana naye za mtengo ndi za tsiku lodzatenga chithunzicho. Zonsezi zinachitika ndi pakamwa. Nanga wojambulayo akanakhala munthu wosamva, mukanamvana naye bwanji?

Poyamba timvane za mawu. M'Chicheŵa mwana akamakana kutumidwa timati ndi wosamva. Wosamva wa m'nkhani ino si ameneyo ayi. Pano tikunena munthu amene makutu ake salandira mawu. Ena amabadwa otero. Ena amasiya kumva atadwala matenda oumitsa khosi, chikuku, malungo aakulu, kapena khutu likakhala likutuluka mafinya nthaŵi yaitali osapita nalo kuchipatala. Nzeru zake, maso ake ndi manja ake zimagwira ntchito monga za munthu wina aliyense.

Kummwera kwa boma la Mzimba kuli malo otchedwa Embangweni. Munthu wochokera ku Kasungu amapatuka pa Jenda kuti akafikeko. Pamalopa pali mishoni ya Loudon imene inayamba m'chaka cha 1902, chipatala, ndiponso sukulu ya ana osamva imene inatsegulidwa m'chaka cha 1994. Sukuluyi ndi ya mpingo wa CCAP, Sinodi ya Livingstonia, ndipo ana ake amagonera pomwepo chifukwa ambiri amachokera kutali. Iwo amaphunzira kuŵerenga, kulemba ndi masamu. Pocheza amagwiritsa ntchito chinenero cha manja. Chinenerochi si Chicheŵa kapena Chitumbuka cholankhulidwa ndi zala. Ndi chinenero pachokha, chokhala ndi malamulo akeake, ndipo cha ku Malaŵi n'chosiyana ndi cha ku Mangalande. M'chaka cha 2021 bungwe la anthu osamva m'dziko muno, lotchedwa MANAD, linatulutsa buku lotanthauzira mawu a chinenerochi.

Tsono tiyeni tiganizire za mnyamata amene watsiriza sukulu yotere, wabwerera kwawo, ndipo akufuna kumadzipezera yekha zosoŵa zake mwa kujambula zithunzi. Iye si woyamba. Ku America kunali munthu wina dzina lake Alexander Pach, amene anabadwa m'chaka cha 1864. Anasiya kumva akali mnyamata, komabe anadzakhala wojambula wodziŵika mu mzinda wa New York. Ntchitoyi kwenikweni ndi ya maso. Wojambula amayang'ana kumene kuli dzuŵa, amaona ngati mthunzi wagwera kumaso kwa munthu, ndipo amadikira mphindi imene nkhope yamasuka. Munthu wosamva anazoloŵera kuŵerenga nkhope kuyambira ali wamng'ono, kotero apa savutika.

Mnyamatayu ayenera kupeza kamera, mabatire ndi kakhadi kosungira zithunzi. Kale wojambula ankagula filimu, ikatha n'kuitumiza kutauni kuti akaitsuke, ndipo anthu ankadikira masabata. Masiku ano chithunzi chimaonekera pakamera pomwepo, ndipo chimasindikizidwa pa makina tsiku lomwelo, ngakhale kuti ambiri timanenabe kuti "kutsuka zithunzi". Zimenezi zimamuthandiza kwambiri wosamva. Akajambula amangotembenuza kamera n'kumuonetsa mwini chithunzi. Munthuyo akagwedeza mutu kuvomera, nkhani yatha. Akachita tsinya, amamujambulanso.

Vuto lalikulu lili pa kumvana za malonda. Anthu ambiri amaganiza kuti wosamva aliyense amadziŵa zonse zimene munthu akunena pongoyang'ana milomo. Si zoona. Imani pagalasi ndipo munene mawu akuti "pano", kenaka "mano", osatulutsa liwu. Mudzaona kuti milomo yanu ikuyenda chimodzimodzi. Ngati mawu aŵiri okha akusokoneza chonchi, nanga bwanji chiganizo chathunthu chonenedwa mofulumira pamsika wa Jenda, munthu akutafuna nzimbe? Kasitomala akhoza kunena kuti akufuna zithunzi zitatu zazing'ono, wojambula n'kumutsukira zisanu zazikulu. Pamenepo mkangano umabuka, mapepala ndi inki zawonongeka, ndipo ndalama yaloŵa m'madzi. Zoterezi zikachitika kaŵiri kapena katatu, mpamba wonse ukhoza kutha.

N'chifukwa chake wojambula wosamva wanzeru sadalira milomo. Amayenda ndi buku la zithunzi zimene anajambulapo kale: zazing'ono zoika pa ziphaso, zapakati zoika m'alubamu, ndi zazikulu zopachika pakhoma. Pansi pa chithunzi chilichonse amalembapo mtengo. Kasitomala amangoloza chimene wachikonda, n'kuimika zala kusonyeza kuchuluka kwake. Ngakhale gogo amene sanapiteko kusukulu akhoza kuloza ndi kuŵerenga zala. Mtengo ndi bwino kuulemba ndi pensulo, pakuti mapepala a zithunzi ndi inki zimachokera kunja. Pamene ndalama ya kwacha inachepa mphamvu m'mwezi wa Novembala chaka cha 2023, katundu wochokera kunja anakwera mtengo, ndipo amalonda anayenera kusintha mitengo yawo.

Chinthu chachiŵiri ndi kope ndi cholembera. Akagwirizana, wojambula amalemba dzina la kasitomala, chiŵerengero cha zithunzi, ndalama imene walipiriratu, imene yatsala, ndi tsiku lodzatenga. Amalemba kaŵiri, pepala lina n'kumupatsa kasitomalayo. Pepala limeneli ndi mboni ya onse aŵiri. Pali anthu ena osaona mtima amene amaganiza kuti wosamva n'ngosavuta kumubera chifukwa sangakangane nawo pagulu. Munthu wotere akaona siginecha yake m'kope, amasoŵa chonena. Ku Mzimba kasitomala wina amalemba m'Chitumbuka, wina m'Chicheŵa, wina m'Chingerezi, kotero wojambula amene analimbikira kuŵerenga kusukulu amapindula.

Foni nayo yasintha zinthu. Wosamva sangayankhe foni yoimba, choncho pachikwangwani chake amalemba kuti, "Musaimbe, lembani uthenga." Amaitchera foniyo kuti izinjenjemera m'thumba uthenga ukafika. Anthu ambiri a m'boma la Mzimba amagwira ntchito ku South Africa, kumene timati ku Joni. Bambo amene ali ku Johannesburg akhoza kulemba uthenga pa WhatsApp kupempha kuti akamujambulire ana ake ndi nyumba imene akumangitsa kumudzi. Wojambula amatumiza zithunzizo pafoni, ndipo ndalama imabweranso pafoni. Mwina bamboyo sadziŵa n'komwe kuti amene akulemberana naye samva.

Komatu foni yomweyo ndi mdani wa ntchitoyi. Anthu ambiri tsopano amadzijambula okha ndi mafoni awo. Kuti munthu atulutse ndalama, chithunzi cha wojambula chiyenera kukhala chooneka bwino koposa, chosindikizidwa pa pepala lolimba, ndiponso chofika pa tsiku limene analonjeza.

Ntchito imene imabweretsa ndalama yochuluka ndi ya paukwati, ndipo ndi yomwenso ili yovuta. Paukwati zinthu zimayenda ndi mawu. Mbusa akanena kuti akwati avekane mphete, wojambula wakumva amayandikira msanga. Wosamva sangamve mawuwo, ndipo mphete sivekedwa kaŵiri. Choncho iye amapita kwa a komiti ya ukwati kukali masiku, n'kupempha ndondomeko yolembedwa: nthaŵi yoloŵera m'tchalitchi, nthaŵi ya mphete, ya kudula keke ndi ya perekaniperekani. Amapemphanso kuti amulozere makolo ndi ankhoswe a mbali zonse ziŵiri, kuti pasapezeke wodandaula kuti anasiyidwa. Patsikulo amatenga mbale wake kapena mnzake wakumva amene amamukodola phewa chinthu chofunika chikayandikira. Pojambula gulu, amaloza poima aliyense, amawongola khosi lake kuti anthu atsanzire, kenaka amaimika zala: chimodzi, ziŵiri, zitatu. Kaŵirikaŵiri anthu amaseka poona zimenezi, ndipo chithunzi chimatuluka chankhope zosangalala.

Pa gule wa ingoma, monga amene amavinidwa pa mwambo wa Umthetho kuphiri la Hora m'mwezi wa Ogasiti, wosamva samva nyimbo. Koma amuna akaponda pansi mwamphamvu, iye amamva kugunda kwa nthaka m'mapazi mwake. Akayang'anitsitsa miyendo ndi zishango za ovina kwa kanthaŵi, amadziŵa pamene adzakwezenso mwendo, ndipo amadina kamera pa nthaŵi yake.

Nanga inu mukapita kukajambulitsa kwa munthu wotere muzichita chiyani? Ngati wakufulatirani, mukodoleni paphewa pang'ono kapena kwezani dzanja pamene angakuoneni. Kumugenda ndi kamwala kapena kumukoka malaya ndi chipongwe. Imani poŵala, muyang'aneni kumaso, ndipo musatseke pakamwa ndi dzanja. Kukuwa sikuthandiza, kumangopotoza milomo ndi kuchititsa nkhope yanu kuoneka yaukali. Akakhala ndi womasulira, muziyang'ana wojambulayo polankhula, pakuti mwini ntchito ndi iyeyo. Ndalama muzipereka m'manja mwake, osati kwa womuperekeza. Akakupatsani kope kuti mulembe, lembani mawu ochepa ndi omveka, monga "Zithunzi 2 zazing'ono, Lachisanu." Kenaka dikirani aŵerenge, ndipo muone ngati wavomera musanachoke.

Mafunso

1. Kodi mawu akuti "wosamva" ali ndi matanthauzo ati aŵiri m'Chicheŵa?
2. Sukulu ya ana osamva ya ku Embangweni inatsegulidwa chaka chiti?
3. N'chifukwa chiyani wojambula wosamva sadalira kuyang'ana milomo ya kasitomala?
4. Fotokozani zimene wojambulayu amachita tsiku la ukwati lisanafike.
5. Khalani aŵiriaŵiri. Wina akhale wojambula, wina kasitomala. Gwirizanani za kukula kwa zithunzi, kuchuluka kwake ndi tsiku lodzatenga, osatulutsa liwu.